Supu si ndiwo: tikambe za mbale ya mwana wa mano awiri

Loweruka lina m'mawa, pa pulogalamu yathu ya zaumoyo pa wailesi ya m'dera, tinafunsa omvera funso losavuta: "Mwana wanu uja wayamba kumene kudya, anadya chiyani dzulo?" Mafoni analira. A ku Kanyama anati phala. A ku Chawama anati m'mawa phala, masana kansima koviika mu supu. A ku Mtendere anati phala la m'bokosi la ku shopu, ndipo dzina lake analitchula monyadira. Pa onse amene anaimba, palibe amene anatchula tsamba la ndiwo ngakhale limodzi.

Titafunsa chifukwa chake, anaimba bambo wina wachinyamata. "Imwe a pa wailesi," anatero, "mwana wanga ali na mano awiri chabe. Manje repu azaitafuna na chani?" Tinaseka mu situdiyo, nthawi n'kutithera tisanamuyankhe bwino. Koma titazima maikolofoni tinayang'anana. Ena a ife tili ndi ana, ena tikulera ana a azichemwali athu, ndipo tonse timachita chimodzimodzi. Timatapa supu pamwamba pa mphika, n'kuviikamo kambamu ka nsima, ndiwo zenizeni n'kuzisiyira akuluakulu.

Maganizo athu ndi akuti tikulakwitsa. Mwana amene wakwanitsa miyezi 6 ayenera kudya ndiwo zenizeni, osati madzi amene ndiwozo zaphikidwamo. Ndipo chakudya chakecho sichifuna bajeti yapadera. Chingachoke mu mphika womwewo umene banja lonse likudyamo.

Tiyambe ndi chifukwa chake. Kwa miyezi 6 yoyamba mwana amafunika bere lokha, popanda ngakhale madzi. Bungwe la WHO limatero, anamwino a ku sikelo amateronso. Miyezi 6 ikakwana, bere limapitiriza mpaka zaka 2 kapena kuposa, koma palokha silikwaniranso. Ayironi amene mwana anabadwa naye m'thupi amakhala akutha, pamene thupi ndi ubongo zikukula mofulumira. Kamimba kake n'kakang'ono, sikalandira zoposa kapu imodzi pa nthawi imodzi. Choncho supuni iliyonse ili ndi ntchito. Tikadzaza kamimbako ndi phala lamadzimadzi, mwana amakhuta ndithu, amaleka kulira, amagona, ife n'kumati zayenda. Koma thupi silinalandire zomangira.

Zotsatira zake zinawerengedwa kale. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo ndi waufupi poyerekeza ndi zaka zawo. Mu kafukufuku wa 2013-14 anali 40, ndiye tinayendako, koma mwana mmodzi pa atatu si nambala yonyadira. Kafukufuku wa 2018 yemweyo anapeza kuti ana 58 pa 100 a miyezi 6 mpaka zaka 5 anali ndi vuto la kuchepa magazi. Choopsa n'chakuti kupinimbira sikuoneka pa masaya. Mwana angakhale wonenepa, aliyense n'kumamunyamula kuti "kalema aka", koma msinkhu ndi ubongo zikutsalira. N'chifukwa chake National Food and Nutrition Commission imalimbikira za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Zimene zatayika m'masiku amenewa n'zovuta kuzibweza pambuyo pake.

Nanga supu ili ndi chiyani? Madzi, matimati, saladi ndi mchere. Mavitamini ena pang'ono amatsikiramo, sitikana. Koma zambiri zimene mwana akufuna zimatsala mu tsamba, mu nyemba ndi mu nsomba zimene zapita pa mbale ya atate. Mcherewo, umene impso za mwana wosakwana chaka sizinakonzeke kuusefa wambiri, ndi umene timam'patsa wonse.

Tsopano tibwere pa mano. Mano oyamba, awiri a kutsogolo m'munsi aja, amatuluka pakati pa miyezi 6 ndi 10 mwa ana ambiri, ndipo ntchito yawo ndi kuluma, osati kutafuna. Mano akumbuyo otafunira amabwera mwana atapitirira chaka. Tikati tidikire amenewo, ndiye kuti kwa theka la chaka kapena kuposa mwana akukhalira unga ndi madzi. Komanso mwana satafuna ndi mano okha. Nkhama zake n'zolimba, ndipo amene anaikako chala m'kamwa mwa mwana wa miyezi 8 amadziwa. Taganizirani ambuya athu kumudzi amene mano anawathera. Palibe amene amawapatsa supu yokha. Timawaphikira visashi zofewa, amadya bwinobwino. Zimene timachitira ambuya, tichitirenso mdzukulu wawo.

Njira yake ndi iyi. Tinene kuti lero kunyumba kuli chibwabwa. Tsukani masamba asanadulidwe, muwasadzule bwino kuchotsa ulusi, chifukwa ulusiwo ndi umene umavuta mwana. Phikani ndi madzi ochepa, mutavundikira, mpaka afewe, osati mpaka asinthe mtundu. Thirani matimati ndi nsinjiro, zipse bwino. Ndiyeno, mchere usanalowe, patulani masupuni awiri kapena atatu. Amenewo sinjani mu kamtondo koyera kapena muwanyenye pa sefa ndi kumbuyo kwa supuni. Sakanizani ndi kansima kofewa kapena phala lolimba. Mukatero bwererani ku mphika, thirani mchere wanu mmene mufunira. Moto ndi umodzi, mphika ndi umodzi, chawonjezeka ndi mphindi zochepa chabe.

Soda yekha ndiye tisiye. Tikudziwa kuti amafewetsa ndiwo msanga ndipo amapulumutsa malasha, koma amawononga mavitamini ena, makamaka vitamini C ndi ena a gulu la B. Ngati akuluakulu sangadye delele wopanda soda, gawo la mwana lipatulidwe kaye. Katapa ndi nkhani ina. Masamba a chinangwa amafunika kusinjidwa ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali kuti poizoni wake achoke, ndiye pamenepo musafupikitse.

Masiku ena mbale ya mwana ingakhale yosavuta kuposa pamenepa. Dzungu kapena kandolo wofiira mkati, wowiritsa ndi kunyenya, n'kuthiramo nsinjiro yophika, ndi chakudya chabwino choyambira, chifukwa n'chofewa, chotsekemera mwachibadwa, ndipo chili ndi vitamini A wambiri. Phala la unga wa rola kapena wa ku chigayo limaposa la unga woyera wa bulekifasiti, chifukwa mbali yabwino ya chimanga imatsalamo. Mu phalalo mungathire bondwe kapena kalembula wosinja. Nyemba za kabulangeti zikapsa bwino, zinyenyeni pa sefa kuti makoko atsale, n'kusakaniza ndi matimati ophika. Kotapela, nthochi, papaya ndi mango akupsa sizifuna ngakhale moto. Foloko yokha ikwanira.

Koma tisanamizane kuti masamba okha akwanira. Ayironi wa m'masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa mu nsomba ndi nyama. Choncho masamba azipita ndi mnzake. Kapenta, kaya wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, mutsukeni kuti mchere ndi mchenga zichoke, mumukazinge popanda saladi mpaka aume, mumusinje ndi kusefa. Supuni imodzi ya ufa umenewo mu phala imabweretsa zomanga thupi ndi kashiamu wa m'minga yake. Dzira lophika mpaka kulimba, lonyenyedwa mu ndiwo, ndi labwino kuyambira miyezi 6. Kachiwindi ka nkhuku kophika bwino ndi kusinja kali ndi ayironi wambiri. Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimathandizanso. Mafuta pang'ono, kaya kasupuni ka saladi kapena nsinjiro, amathandiza thupi kutenga vitamini A. Matimati kapena chipatso pa chakudya chomwecho chimathandiza kutenga ayironi. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, ndiye kapu ya tiyi ndi buledi woviika si chakudya cha mwana.

Phala labwino mumaliyesa ndi supuni. Mukaipendeketsa, phala lisayenderere ngati madzi. Ngati mwana angalimwe m'botolo, ndiye kuti ndi lamadzi kwambiri.

Za kuchuluka kwake, malangizo a WHO ndi omveka. Pa miyezi 6 mpaka 8, mwana adye kawiri kapena katatu patsiku, kuyamba ndi masupuni akulu awiri kapena atatu, n'kumaonjezera mpaka theka la kapu ya 250 ml. Pa miyezi 9 mpaka 11, adye katatu kapena kanayi, chakudya chodulidwa ting'onoting'ono, ndi zina zofewa zoti azigwira yekha m'manja, monga kachidutswa ka kandolo wowiritsa. Akafika chaka, adye za banja lonse, zodulidwa bwino. Musakhalitse pa zosefa zokhazokha. Mwana amaphunzira kutafuna potafuna, ndipo amene wazolowera zosalala mpaka chaka amavutika kulandira chakudya cha timibulu.

Zitatu zisalowe m'mbale yake: mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo, uchi asanakwanitse chaka chifukwa ungam'patse matenda oopsa a botulism, ndi shuga. Ena amati shuga wathu ali ndi vitamini A. N'zoona, kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A. Koma chimenecho si chilolezo chothira masupuni atatu mu phala la khanda. Dzungu lili ndi vitamini yemweyo, ndipo silizoloweza lilime la mwana kukana chilichonse chosatsekemera.

Tikudziwa zimene ena mwayamba kale kunena, chifukwa pa wailesi timazimva. Choyamba ndi ndalama. Koma tiyeni tiwerenge moona. Mulu wa chibwabwa pa msika wa mu komboni sufika pa mtengo wa bando ya intaneti imene timagula osaganiza kawiri, ndipo mwana amangodyapo masupuni ochepa. Chodula ndi bokosi la ku shopu. Sitikunena kuti phala la m'bokosi ndi poizoni. Ambiri amathiramo ayironi, ndipo pa ulendo wa basi wopita ku Chipata limathandiza. Vuto limabwera pakati pa mwezi, bokosi likayamba kupepuka. Timachepetsa ufa, n'kuchulukitsa madzi kuti lifike pa malipiro, ndipo mwana wabwerera ku phala lamadzi lomwe lija, koma lodula. Tivomerezenso kuti ena a ife timagula bokosi chifukwa cha maso a anthu. Limaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook kuposa mbale ya bondwe. Timaopa kuti anzathu azati tavutika. Mwana sadziwa za ulemu umenewo. Chimodzimodzi maheu a m'botolo ndi timapaketi ta zokazinga ta pa kantemba, timene timam'gwiritsa kuti atonthole. Zimadzaza mimba ndi shuga ndi mchere, nthawi ya nsima n'kukana kudya.

Chachiwiri ndi nthawi ndi moto, ndipo ichi ndi dandaulo lenileni. Mayi amene amadzuka mdima uli bii kupita ku Soweto kukaoda tomato wogulitsa sangaphike kanayi patsiku. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, tonse tinaona malaiti akupita maola ambiri, furiji n'kusanduka kabati, malasha n'kukwera mtengo. Maphikidwe a pa TikTok a makina opera ndi timabotolo ta mu furiji sanapangidwire ife. Koma kamtondo ndi sefa sizifuna magetsi. Ndipo pali zinthu zitatu zimene mungakonze Lamlungu masana n'kuzisunga m'mabotolo ouma otseka bwino kwa sabata: nsinjiro, ufa wa kapenta, ndi ufa wa mfutso, ndiwo zamasamba zoumitsa zija. Masamba oumitsa pa mthunzi amasunga vitamini A wambiri kuposa oumitsa pa dzuwa. Amene watsala ndi mwana, kaya ndi ambuya, wantchito kapena mlongo wake wamkulu, angotapa supuni imodzi n'kuphikira mu phala.

Chosungika ndi zouma zokha. Chakudya chophika chisakhale maola oposa 2 kunja kwa furiji, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala. Sitinaiwale kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la Heroes linasanduka chipatala. Manja a wodyetsa ndi a mwana asambidwe ndi sopo, madzi akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo mwana akhale ndi mbale yake ndi supuni yake. Mbale yake imathandizanso kudziwa kuti wadya zochuluka bwanji, chifukwa pa mbale ya gulu wamng'ono ndiye amaluza.

Pa nshawa tichenjere kawiri. Musanasinje, sankhani n'kutaya zonse zachuku, zofota ndi zowawa. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene sachoka ngakhale muphike, ndipo amawononga chiwindi. Ndi poizoni yemweyo amene Unduna wa Zaumoyo unachenjeza kuti wapezeka mu unga wina mu 2024. Nshawa zotsika mtengo za pansi pa thumba si za mwana. Komanso mwana wamng'ono asapatsidwe nshawa zathunthu, chifukwa angatsamwe nazo. Ndipo mukam'patsa nsinjiro, dzira kapena nsomba koyamba, muyang'anireni. Akatupa milomo kapena nkhope, akatuluka zidzolo thupi lonse, kapena akavutika kupuma, thamangirani kuchipatala.

Chachitatu ndi akuluakulu a pakhomo. Ambuya akati "masamba amatsegula mwana m'mimba", si bwino kuwayankha ndi foni m'manja ngati kuti iwo sanalerepo. Analera ife. Nthawi zambiri chimene aona n'chakuti chimbudzi cha mwana chasintha mtundu, chabiriwira, mwina muli tizidutswa ta masamba. Zimenezo zimachitika mwana akayamba zakudya zatsopano, si matenda. Kutsegula m'mimba kwenikweni kumabwera kawirikawiri ndi madzi akuda, manja osasamba ndi chakudya chogona. Kukachitika, musaleke kuyamwitsa ndi kudyetsa, m'patseni ORS, mupite naye kuchipatala. Ndipo njira yabwino yogwirizana ndi ambuya ndi kuwapempha kuti atiphunzitse. Palibe amene amadziwa kusadzula chibwabwa, kufutsa ndiwo ndi kutendera visashi kuposa iwo. Tsiku la sikelo tipite nawo, akamve okha kwa anamwino ndi kuona mzere wa pa kadi ya mwana.

Chachinayi ndi mwana mwiniwake. Mwasinja, mwasefa, iye walavula n'kukwinya nkhope. Musafulumire kunena kuti sakonda ndiwo. Kukoma kwatsopano kumafuna kubwereza, nthawi zina kakhumi kapena kuposa, pa masiku osiyana. Yesani pang'ono lero, mawa musakanize ndi dzungu limene amalikonda, mkuja muyesenso. Chimene tiyenera kusiyiratu ndi chizolowezi chogoneka mwana pa miyendo, kumutsina mphuno ndi kumuthira phala m'kamwa. Angatsamwe, phala lingapite m'mapapo, ndipo amaphunzira kuopa supuni. Mwana adye atakhala tsonga, wina akumuyang'ana ndi kumulankhula. Akachita ngati afuna kusanza koma akukhosomola ndi kutulutsa mawu, ndiye kuti akuphunzira kuyendetsa chakudya m'kamwa. Choopsa ndi pamene wangoti zii, mawu osatuluka, mpweya osalowa. Anamwino a ku sikelo angakuonetseni chochita zikatero, ndipo ndi bwino kuwafunsa zisanachitike.

Mawu ena apite kwa ife amuna, chifukwa amene anafunsa funso lija anali bambo, ndipo tinakondwa kuti anafunsa. Ambiri a ife timaona ngati udindo wathu umathera pa kusiya ndalama pa tebulo kapena kubwera ndi bokosi m'pulasitiki. Koma kusinja kapenta sikufuna satifiketi. Kudyetsa mwana Lamlungu masana mayi ake akupuma sikuchotsa ubambo wa munthu. Ndiponso ndife amene timalandira nsomba yaikulu ndi ndiwo zambiri pa mbale. Titangonena kuti "patulani kaye za mwana", nkhani ingasinthe m'nyumba zambiri. Achinyamata amene mulibe ana, nkhaniyi ikukukhudzaninso, chifukwa ndinu amene mumatsala ndi ana a azikulu anu, ndipo ndinu amene mumatumidwa ku kantemba mwana akalira.

Sitikunena kuti mbale ya chibwabwa idzathetsa umphawi wa mu komboni. Pali nyumba zimene ngakhale pamela wa unga amavuta kupeza, ndipo kumeneko nkhani ndi ya ntchito, mitengo ya zinthu ndi thandizo la boma. Zimenezo tipitiriza kuzikamba pa wailesi. Koma m'nyumba zambiri ndiwo zimaphikidwa tsiku lililonse, ndipo mwana amene akuzifuna kuposa wina aliyense ndiye yekha amene sazilawa. Apo palibe amene tingamuloze chala.

Kwa bambo a mwana wa mano awiri aja, ngati mukuwerenga, yankho limene tinalephera kumaliza tsiku lija ndi ili: repu atafuna ndi kamtondo kanu, nkhama zake zimalizitsa. Madzulo ano, mchere usanalowe mu mphika, patulani masupuni awiri.